Hiti za a Mwelwa

Ipyana ndi munthu woti ukakhala naye mpando umodzi mu tramu, kasitima ka m'tauni, usamufunse za masewera a bezibo, pokhapokha ngati ukupita kutali. Kwawo ndi ku Karonga koma anakulira ku Zomba, komwe anaphunzira za ziwerengero, ndipo ku Manchester anabwera kudzapitiriza sukulu yomweyo. Sukulu itatha anapeza ntchito pachipatala china chachikulu, muofesi yopanda windo, momwe amawerenga odwala amene alowa, amene atuluka ndi masiku amene agona. Ntchitoyo amaidziwa, palibe angatsutse. Koma mtima wake wonse uli pabwalo lina la udzu ku Gorton, kuseri kwa malo otsukira magalimoto, pomwe Lamlungu masana anthu akuluakulu a ndevu zawo amathamangitsana ndi kampira koyera.

Chaka chake choyamba, akuchokera kutchalitchi, anangoima pampanda kuonerera zinthu zosamveka mutu wake. Mphunzitsi wa timuyo, Ralph, mzungu wamimba wosadziwa kulankhula motsitsa mawu, anamukoka kuti ayese kumenya. Ipyana anaphonya mpira kakhumi ndi kawiri motsatizana, komalizako chibonga chinapulumuka m'manja. Ralph atamva kuti munthuyu ndi wa ziwerengero anapuma mpweya wa chimwemwe, n'kumulanda chibonga, kumupatsa buku ndi pensulo.

Masewerawo mwachidule ndi otere. Wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga n'kuthamanga kudutsa malo anayi otchedwa mabesi, ndipo akabwerera pomwe anayambira timu yapeza chigoli. Akaphonya katatu watuluka. Tsono womenya akafika pa besi yoyamba, wa buku amagamula kuti wafikapo bwanji. Ngati wamenya bwino moti adani sakanatha kuugwira mpirawo, amalemba kuti hiti, ndipo ulemu ndi wa womenyayo. Ngati wafikapo chifukwa choti mdani wagwetsa mpira wosavuta, amalemba kuti era, womenyayo sapezapo kanthu. Chimene wa buku walemba chalembedwa, kulibe apilo. Ipyana mphamvu imeneyi inamukomera kwambiri.

M'zaka zinayi anasanduka katswiri wa maganizo, ndipo ganizo lake lalikulu linali limodzi. Okonda bezibo amakhulupirira kuti alipo anthu ena amene amamenya bwino zinthu zikathina, anzawo ali pamabesi kudikira kulowa, masewera akupita kumapeto. Munthu wotere amamutcha klatchi. Ipyana akamva mawu amenewa nkhope imachita makwinya.

“Kulibe zimenezo,” ankatero, pensulo ili m'mwamba. “Womenya bwino amamenya bwino nthawi zonse, wolephera amalephera nthawi zonse. Zinazo ndi luck basi. Munthu amenye katatu pothina mwayamba kale kumuimbira nyimbo? Sample size yake iti? Ndipatseni maulendo one thousand, tikambirane.”

Mkazi wake Daphne, namwino, anali ataumva ulaliki umenewu mpaka kuuloweza, moti ankatha kuumaliza yekha uku akusita yunifomu.

Ndiye panabwera a Mwelwa. Awa anali bambo a ku Zambia, a ku Kitwe, a zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwa Ipyana. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Stockport, komwe atsikana a msinkhu wa ana awo ankawaitana kuti Mel n'kumawatuma kukasintha zofunda. Kwa Ipyana sanali Mel ayi. Pomwe iye ankakwatira, malume ake atakanizidwa viza, a Mwelwa ndiwo anaima ngati ankhoswe, ndipo banjalo litagwedezeka chaka chachiwiri ndiwo anakhala pabalaza maola atatu mpaka anthu anayambanso kulankhulana. Timu itaperewera munthu mmodzi, Ipyana anakumbukira kuti bambowa ankati anaseweraponso bezibo kumigodi ali anyamata. Anawapempha, iwo anavomera, ndipo kuyambira pamenepo ankapitira limodzi kubwalo pagalimoto yawo mapemphero akatha.

Tsiku lawo loyamba, anthu awiri ali pamabesi, a Mwelwa anamenya kampira kofooka kamene kanangogubuduzika kupita kwa mdani. Mdaniyo, mwina chifukwa cha phuma, anakagwira n'kukagwetsa. Bambowo anafika pa besi ali wefuwefu, chipewa chitatsala m'mbuyo. Imeneyo inali era yoonekeratu, ngakhale mwana akanadziwa. Ipyana anaika pensulo papepala, koma dzanja linakana. Alembe bwanji kuti ankhoswe ake, munthu wa imvi, wafika pa besi chifukwa cha kupusa kwa mwana wa eni?

A Mwelwa atabwerera anasuzumira m'buku. “Walemba chani, mwana wanga?”

“Hiti, bambo.”

“Zoona?”

“Zoona, bambo. Unali wothamanga mpira uja.”

Bambowo anaseka mpaka kugwira m'mawondo. Ipyana anadziuza kuti ndi kamodzi kokha, ndi ulemu chabe, ngati mmene umamusiyira wamkulu mpando m'basi.

Koma ligi yawo inali ya anthu ogwetsa mipira Lamlungu lililonse, makamaka pakakhala anthu pamabesi, pamene aliyense amanjenjemera. Ndipo pothina pomwepo, anthu onse akuyang'ana, ndi pamene chisoni chinkamugwira kwambiri Ipyana. Ena onse ankawalembera mwankhanza ndithu, osaona nkhope. Zikafika pa a Mwelwa, kamodzi kaja kanakhala kawiri, kenako anasiya kuwerenga.

Mu Ogasiti Ralph anatenga bukulo n'kukalowetsa manambala onse mu kompyuta. Lamlungu lotsatira anafika ndi pepala, akumwetulira ngati wapeza ntchito. Anasonkhanitsa timu yonse n'kuwerenga mokweza kuti pothina, mwa maulendo makumi awiri ndi awiri, a Mwelwa anamenya hiti khumi ndi zinayi. Panalibe wina woyandikira, ngakhale Junior, mnyamata wa ku Lusaka amene aliyense ankadziwa kuti ndiye womenya weniweni wa timuyo.

“Pulofesa, watha mawu?” anatero Ralph m'Chingerezi chake cha ku Manchester, akumugwedeza phewa. “Zaka zinayi ukutiuza kuti klatchi kulibe. Nayu waima apa, ndipo manambalawa ndi ako omwe!”

Ipyana mutu unaima. Akavomera, ndiye kuti watsutsa zimene wakhala akulalikira moyo wake wonse wa ku Gorton. Akakana, ndiye kuti watsutsa buku lake lomwe, ndipo wina afunsa chifukwa. Anangoti, “Sample size,” koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu, anthu n'kumuseka.

Choopsa chinali chakuti a Mwelwa anakhulupirira. Anagula magolovesi atsopano ofiira. Pepala lija analijambula pafoni n'kutumiza kwa mwana wawo wamkazi ku Kitwe. Ankaima mosiyana, kuyenda mosiyana, ndipo m'galimoto anamuuza Ipyana kuti kuntchito akamaitanidwa kuti Mel samvanso kuwawa ngati kale, chifukwa iwo akudziwa chimene ali Lamlungu.

“Muwauze,” anatero Daphne atamva nkhaniyo. “Inu ndi data yanu ija, mwayamba liti kuphika manambala?”

“Ndiwauze kuti chiyani? Kuti bambo, season yonse ndakhala ndikukunamizani? Munthu amene anatikhazika pansi pano?”

“Ndiye musawauze.”

“Nanga Ralph akawadalira pa game yaikulu?”

“Ndiye muwauze,” anatero Daphne, n'kutenga chikwama chake kupita kuntchito. Ipyana anatsala kukhitchini osadziwa kuti walangizidwa chiyani.

Masewera omaliza a chaka anali ndi timu ya ku Wakefield, ndipo wogonja ankatsikira ku ligi ya pansi. Kunali kamvula kowaza, kamene kuno sakawerengera kuti ndi mvula. A Mwelwa bondo linkawavuta, choncho anayamba ali pabenchi, ndipo Ipyana anathokoza Mulungu chamumtima. Zinayenda choncho mpaka gawo lomaliza. A Gorton anali kumbuyo ndi chigoli chimodzi, anthu awiri ali pamabesi, ndipo kunatsala kuti mmodzi yekha atuluke masewera athe. Woyenera kumenya anali Junior.

Ralph anayenda kupita kwa woimbira masewera, analankhula naye, kenako anatembenuka n'kukuwa kuti, “Mwelwa! Tenga chibonga, nthawi yako ndi ino!”

Ipyana sanachedwe. Anadzuka pakatebulo kake, n'kumukokera Ralph pambali.

“Musiye Junior amenye,” ananong'ona m'Chingerezi. “Manambala a bambo aja si oona. Zambiri zija zinali ma era, ndinkangowalembera hiti.”

“Chifukwa chiyani?”

“Ndi aakulu. Ndi ankhoswe anga.”

Ralph anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Mawu oti nkhoswe analibe nawo pogwira, ndipo munthu uja, monga ndanena kale, kunong'ona sanaphunzire. “Ukundiuza kuti hiti za Mwelwa n'zabodza? Unkangomupatsa chifukwa ndi wokalamba?”

Benchi yonse inamva. A Mwelwa anali ataima pafupi, golovesi imodzi atavala, inayo ili m'kamwa. Anaichotsa m'kamwamo pang'onopang'ono, osamuyang'ana Ipyana. Ralph anathamangira kwa woimbira kuti abweze Junior, koma woimbirayo anapukusa mutu, chifukwa lamulo limati wosewera akachotsedwa sabwereranso. Panalibenso wina pabenchi woti n'kulowa m'malo mwa a Mwelwa.

A Mwelwa anayenda motsimphina kukaima pomenyera. Mpira woyamba anauphonya kutali, mpaka thupi linazungulira. Wachiwiri anangouyang'ana ukudutsa, woimbira n'kuuwerenga ngati auphonya. Ipyana anafuna kutseka maso koma wa buku saloledwa. Ankapemphera, koma osadziwa chopempha. Akaphonya, bambowo achita manyazi pamaso pa anthu ndipo wowaika pamenepo ndi iye. Akamenya, nanga zaka zinayi za ulaliki zija zipita kuti? Anadzida chifukwa choganiza zachiwirizo pa nthawi ngati imeneyo.

Mpira wachitatu unamveka kuti phaa! Unauluka mowongoka pamwamba pa mutu wa mdani, n'kukatera paudzu pakati penipeni pomwe panalibe munthu. Palibe anaukhudza, palibe akanaukhudza. Awiri aja analowa motsatizana, masewera n'kuthera pomwepo. Anyamata anathamangira kwa a Mwelwa, kuwakumbatira, kuwamenya pamsana, Ralph akukuwa “Klatchi! Klatchi!” ngati si iye amene amafuna kuwachotsa mphindi zitatu zapitazo.

Ipyana anatsala pakatebulo kake akuyang'ana buku. Munthu amene manambala ake enieni ankati sangamenye, wamenya pothina kuposa ponse, atangochititsidwa kumene manyazi. Kodi ndi mwayi? Kodi ndi mkwiyo? Kodi bodza lija ndilo linawapatsa mphamvu, kapena choonadi chija? Ndi ulendo umodzi wokha, sungatengepo phunziro, ankadziwa zimenezo bwino lomwe. Koma kabokosi ka a Mwelwa m'bukumo kanali kasanalembedwe.

Phokoso litachepa, a Mwelwa anabwera okha, akuvula magolovesi. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

“Pa zija fotini,” anatero motsitsa, “zanga zeni-zeni ni zingati?”

“Zitatu, bambo. Mwina zinayi.”

“Ziti? Nionetse.”

Ipyana anatsegula masamba a m'mbuyo, Meyi, Juni, Julayi. Anayendetsa chala pa dzina lawo sabata ndi sabata. Zonse zinalembedwa mofanana, ndi pensulo imodzi, ndi dzanja lake laukhondo lija. Sanaike chizindikiro chilichonse chosiyanitsa, poopa kuti wina angaone. Anayesa kukumbukira: ya ku Bolton ija kodi inali yoona? Kapena ya tsiku la mphepo? Masiku anasakanikirana m'mutu mwake, ndipo anazindikira kuti ngakhale zitatu zenizenizo wawalanda.

“Sindikutha kudziwa, bambo,” anatero. “Koma ya leroyi ndi yanu. Hiti yeniyeni, aliyense waona. Ndikulemba pompano.”

“Ni mwamene unali kukambira masiku onse, mwana wanga.”

Ipyana anatsitsa pensulo kuti alembe, koma a Mwelwa anaika dzanja lawo lonyowa pa tsambalo, n'kuphimba kabokosi kaja.

“Iyi usalembe,” anatero. “Nizaisunga neka.”