Makilo atatu pa sabata imodzi

Kudepoti ya mbewu komwe ankagwira ntchito, aliyense ankangowatchula kuti Mayi a Sikelo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anakhala pampando womwewo pafupi ndi khomo, kuyeza matumba a nyemba ndi soya amene alimi ankabweretsa. Diso lawo linali litazolowera moti thumba likangotsitsidwa m'galimoto, ankadziwiratu ngati mwini wake wathiramo mchenga.

Anali munthu wochepa thupi chibadwire. Pamimba yawo yoyamba thupi silinawonjezereke kwenikweni, ndipo mwana anabadwa masiku asanakwane, wochepa ngati botolo, n'kukhala m'chipatala milungu isanu. Mwanayo anakula bwino, koma mayi ake sanaiwale. Choncho atakhalanso oyembekezera, anafotokozera namwino mantha awo onse tsiku loyamba lomwelo.

Namwinoyo anawapempha foni n'kuikamo kapulogalamu.

“Muzidziyeza kamodzi pa sabata, muzilemba umu,” anatero. “Kadontho aka ndi inu. Kakamayenda m'kanjira kobiriwiraka, zili bwino. Kakatuluka, musadikire tsiku la sikelo, mubwere.”

Lolemba lililonse m'mawa, alimi asanafike, ankavula nsapato n'kukwera pasikelo ya matumba ija. Onyamula katundu ankaseka, amvekere, “Thumba ili ndiye tilisenzera kuti, mayi?” Iwo ankangoseka nawo, maso ali pafoni. Nthawi ya teni foniyo inkalira kuwakumbutsa kudya, ndipo munthu amene kale ankaweruka ali ndi tiyi yekha m'mimba anayamba kuyenda ndi kabakuli ka mazira owiritsa, mtedza ndi nthochi. Kadontho kaja kanakwera pang'onopang'ono, osaphonya njira.

Apongozi awo, amene anabwera kudzathandiza pakhomo, sankagwirizana nazo.

“Ine ndinabereka ana asanu ndi awiri popanda foni kundiuza chodya,” ankatero. “Foni inakhalapo ndi mimba?”

Mwezi wachisanu ndi chiwiri uli kumapeto, Mayi a Sikelo anakwera pasikelo n'kupeza kuti awonjezera makilo atatu pa sabata imodzi. Anatsika, anayeza thumba lomwe ankalidziwa kulemera kwake, sikelo inali bwinobwino. Anakweranso. Makilo atatu omwewo. Atalemba, kadontho kanadumphira kunja, ndipo panabwera uthenga wofunsa ngati nkhope kapena manja zatupa, ngati mutu ukupweteka. Anayang'ana chala chawo. Mphete inali italowa m'mnofu. Mutu nawo unali utayamba Loweruka, koma iwo ankati ndi fumbi la m'depoti. Uthenga womaliza unati apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Anadutsira kunyumba kukatenga buku la kusikelo. Apongozi anawayang'ana n'kuwomba m'manja.

“Tsopano ndiye mwayamba kuoneka ngati munthu wodyetsedwa! Kuchipatala mukatani? Kunenepa ndi matenda?”

Mayi a Sikelo anakhala pansi, buku lili m'manja. Mwina apongozi ankanena zoona. Moyo wawo wonse anthu ankawanena kuti ndi owonda, lero athamangire kuchipatala chifukwa chonenepa? Koma zaka zonse zija zinawaphunzitsa kuti thumba likalemera mwadzidzidzi, muli china osati nyemba. Anaimbira amuna awo, amene ankawotcherera zitsulo kuseri kwa msika.

“Bambo, ndikupita kuchipatala. Mundipeze komweko.”

Namwino atawayeza kuthamanga kwa magazi, anasiya kumwetulira n'kuitana dokotala. Magazi ankathamanga kwambiri, ndipo kulemera kuja sikunali mnofu, anali madzi. Anawagoneka masiku anayi akulandira mankhwala.

“Mwachita bwino kubwera lero,” anatero dokotala madzulo a tsiku loyambalo. “Mukanadikira mpaka tsiku lanu la sikelo, bwenzi tikukamba zina.”

Apongozi anamva mawuwo ali chiimire pakhomo la wodi, basiketi ili m'manja. Anangokhala kumiyendo kwa bedi n'kuyamba kusisita mapazi otupa aja.

Kuchokera pamenepo Mayi a Sikelo anasiya kaye ntchito. Ankamwa mankhwala, ankapita kuchipatala kawiri pa sabata, ndipo mimba inafika nthawi yake. Mwana anabadwa wamwamuna, wa makilo atatu kuchotsapo pang'ono, wolira mokweza moti amayi a pabedi loyandikana anati ameneyu adzakhala kondakitala.

Anawatulutsa patatha masiku atatu. Amuna awo anasenza beseni ndi chikwama, n'kumalondera aliyense m'basi kuti asawagunde. Mayi a Sikelo anakhala pawindo, mwana ali pachifuwa, ndipo basi isanatuluke n'komwe m'depoti ya mabasi, anali atagona tulo tofa nato. Amuna awo anachita kuwadzutsa pasiteji ya kwawo.