Dzina Limene Hinda Anakana

Hinda anamva nkhaniyo Lachinayi akukanda ufa wa buledi wa Sabata. Burho, mchemwali wa malemu mwamuna wake, analowa m'khitchini mano onse ali pamtunda.

"Mlamu, lero lokha musekeko. Mdzukulu wanu tamupezera dzina. Loweruka mwana wanu Gavriyel akalengeza m'sunagoge kuti mwanayo ndi Hinda."

Hinda anatulutsa manja m'beseni.

"Ndafa liti ine?"

"Mwayambatu! Kuno mwana wamkazi woyamba amatenga dzina la agogo ake akadali moyo, kuti ulemuwo adzimvere okha. Zaka makumi atatu muli mumzinda wa Samarkand muno, simunaphunzirebe?"

Anaphunzira kalekale, ndipo n'chimene chinkamudya mumtima. Kwawo ku Poland Ayuda sankapatsa khanda dzina la munthu wamoyo. Dzina linkadikira kuti mwini wake afe, kenako linkapita kwa khanda, kuti wakufayo asazimirike. Ndipo Hinda anali ndi mayina asanu ndi limodzi amene ankadikira.

Pa nthawi ya nkhondo anathawa asilikali a ku Jeremani ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mng'ono wake Mindel anali ndi chikuku sabata imeneyo, choncho anatsala ndi amayi. "Ukachira ndidzakutenga," Hinda anamuuza ali pakhomo. Atawoloka malire, anthu a ku Russia anamutumiza kukagwetsa mitengo m'chisanu, ndipo patapita zaka ziwiri sitima ya katundu inamutula kuno, miyendo itatupa ndi njala, mutu uli nsabwe zokhazokha. Banja la Nisim, wonyika nsalu mu utoto, linamutola pamsika. Burho yemweyu ndiye anamumeta tsitsi n'kumumwetsa msuzi ndi sipuni. Kenako anakwatiwa ndi Nisim.

Nkhondo itatha kunabwera kalata ya mnansi wawo wakale. Bambo, mayi, agogo, alongo ake awiri ndi Mindel anawomberedwa m'nkhalango pamodzi ndi Ayuda onse a m'tauniyo. Dzenje limene anawakwiriramo palibe ankadziwa pamene linali.

Atabereka ana aamuna awiri, apongozi ake anawatcha mayina a anthu amoyo, amene anakhala pompo n'kumadya mpunga wa pachikondwererocho. Hinda anameza mawu. Anthu amene anakuchotsa nsabwe ungawakanize dzina? Ukali wakewo anapita nawo ku fakitale ya nsalu za silika, kumene anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu osadwalapo. Tonse mumsewu mwathu tinkamuopa. Mwana akataya chidutswa cha buledi, ankamutoletsa, makolo ake akuona. Azimayi akamulangiza kuti aziugwira mtima, ankayankha kuti, "Ofatsa onse a kwathu ali m'dzenje. Ine ndinatsala chifukwa ndinali ndisanamalize kukwiya."

Lachisanu anapita kwa mwana wake Gavriyel, n'kumupeza akuwaza nkhuni pabwalo.

"Ndamva kuti ukufuna kundiika m'manda mawa."

"Amayi, ndi ulemu umenewo."

"Ulemuwo ukapatse azakhali ako. Mwanayo ndi Mindel."

"Ndikatero anthu anena kuti ndimadana ndi amayi anga. Mukudziwa mmene amalankhulira pano. Mukufuna ndiziyenda chozolika pamsika?"

"Iwe ukuopa pakamwa pa anthu? Bambo ako ali ndi manda, ndimakaikapo mwala chaka chilichonse. Mng'ono wanga ndikaika mwala pati? Tandiuza, mwana wophunzira iwe. Pati?"

Gavriyel anayang'ana nkhwangwa. "Takambirana kale ndi akuluakulu. Wotsatira adzakhala Mindel."

"Inenso ndinamuuza kuti adikire," anatero Hinda, n'kutuluka osatsazika.

Ku sunagoge sankapitako kawirikawiri. Ankati iye ndi Mulungu ali ndi mlandu umene sunathe. Koma Loweruka m'mawa anavala mpango wake wakuda, nakakhala kumbali ya azimayi, kuseri kwa nsalu yotchinga. Burho atamuona anagwedeza anzake ndi chigongono. "Mwaona? Wafewa."

Mpukutu wa Chilamulo utatambasulidwa, anaitana Gavriyel kutsogolo. Mkulu wotsogolera mapemphero anamufunsa dzina la mwanayo. Asanatsegule pakamwa, nsalu ija inakokedwa, ndipo Hinda anaima poyera, amuna onse akumuona.

"Khalani pansi, mayi!" wina anakuwa. "Muno si pamsika!"

"Pamsika ndi pamene munanditola, ndikupadziwa," anatero Hinda. "Munandidyetsa, munandiveka. Zikomo. Ndakhala ndikuthokoza zaka makumi atatu, ndipo chifukwa chothokoza ndinakupatsani ana anga awiri ndili chete. Lero mundimvera. Ine Hinda ndilipo, si uyu mukundionayu? Dzina langa ndikuligwiritsabe ntchito. Amene alibe kowaitanira ndi awa."

Anawatchula mmodzimmodzi, mokweza ngati akuwaitanira chakudya. Zelig. Toyba. Fruma. Leyzer. Hersh. Atafika pa dzina lomaliza analitulutsa mwaukali.

"Mindel. Zaka zisanu ndi zinayi. Ankaopa atsekwe. Ndinamuuza kuti ndidzamutenga."

Ambiri a ife mayinawo tinali tisanawamvepo, ngakhale Gavriyel amene. Mkulu uja anayang'ana mpukutu, amuna anayang'ana nsapato zawo. Amene anayamba kulankhula anali Burho, akupukuta mphuno ndi nsonga ya mpango.

"Gavriyel, mwana wa mlongo wanga, mupatse mayiyu dzina akufunalo asanatigonthetse m'kutu. Ine ndinamumeta mutu ameneyu, ndikudziwa kuuma kwake. Wonena kuti umadana ndi mayi ako abwere adzanene kwa ine."

Gavriyel anatchula dzina la Mindel kawiri, chifukwa koyamba silinamveke.

Hinda sanadikire madalitso. Anadutsa pakati pa azimayi amene ankafuna kumugwira dzanja, n'kulunjika kunyumba kumene mpongozi wake Zilpo anagona ndi khandalo. Analinyamula mosanyengerera, ngati mtolo wa nsalu ku fakitale, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Mindel," anatero. "Ndachedwa."

Khandalo linakwinya nkhope n'kuyamba kulira mokweza, zibakera zili m'mwamba.

"Eya, kwiya ndithu. Ukhala moyo iwe."

Analibweza kwa mayi ake, n'kuona mbale ya msuzi ili pambali yosakhudzidwa. Anaikankhira kwa Zilpo.

"Imwa wonse, mwana wanga, upeze mphamvu. Atsala asanu."