Mkaka wa Mumtondo

Pakhomo pathu ku Chonde pali ng'ombe ya mkaka, koma mwana wanga wachitatu mkaka umamuwenga. Anthu akamva zimenezi ankaseka. Ine sindinkaseka nawo.

Tinazidziwa nditangomuletsa kuyamwa, ali ndi zaka ziwiri. Bambo ake, amene ng'ombeyo amaikonda kuposa njinga yawo, anamuthirira kapu yodzaza. Dzuwa lisanakwere, mwana anali atatupa milomo, thupi lonse zidzolo, kenako kutsegula m'mimba. Kuchipatala anesi sanazungulire: mkaka wa ng'ombe ayi, waufa ayi, ngakhale chambiko ayi.

Vuto linali liuma la mwanayo, limene akuti anatengera ine. Akulu ake akamamwa tiyi woyera, iye ankakankha kapu yake ya tiyi wakuda n'kunyanyalanso phala. Miyezi itatu mzere wa pakhadi lake la kusikelo unkangotsika. Tsiku lina pamzere wa kusikelo, mayi wina wa pakamwa, wa tsidya la msewu, anandifunsa mokweza kuti, “Mkaka wonse mumangogulitsa eti? Ng'ombe ili m'khola, mwana nthiti kuwerengeka!” Zinandilasa mumtima. Ndinabwerera kunyumba ndikulira, koma kulira kwa mkwiyo.

Anesi anali atanditchulira mkaka wa soya, wa mtedza ndi wina wa m'mapaketi wopezeka m'masitolo a ku Blantyre. Ku Blantyre ndikatani ine? Mtedza wathu unali utatha. Koma soya ndimalima ndekha kumunsi kwa munda wa nandolo, ndipo thumba linali chikhalire pakona.

Tsono kwathu kuno soya sitimugwira osakazinga. Aliyense amadziwa kuti soya wa phala amayamba wadutsa pachiwaya. Ndiye ndinakazinga bwinobwino, ndinasinja, ndinathira madzi n'kusefa. Chinatuluka chinthu chofiirira ngati madzi a m'ngalande mvula itagwa. Bambo ake anasuzumira mupoto n'kuti, “Amayi a mwana, khofi ameneyu ndi wa alendo ati?”

Ndinameza manyazi n'kubwerera kwa anesi aja. Anaseka mpaka kupukuta misozi. “Amayi, wa mkaka sakazinga! Muviike m'madzi usiku wonse, kukacha mutikite makoko achoke, musinje ali wofewa, musefe pansalu yoyera, ndiye muwiritse kwa nthawi yaitali. Koma muyambe ndi supuni imodzi, chifukwa ana ena soyanso amawawenga.”

Ndinachita zomwezo. Kusinja soya wonyowa si masewera, amathawa mumtondo n'kukuthovukira kumaso. Pofinya nsalu ija, ndinaona madzi oyera mbee akuchucha pakati pa zala zanga, ndipo ndinaitana ana onse kuti adzaone. Poto woyamba anasefukira pamoto, wachiwiri ndinamudikirira ndi mthiko m'manja.

Supuni imodzi ija ndinamupatsa m'mawa. Kumunda sindinapite. Tsiku lonse maso anga anali pamilomo yake, mtima uli m'mwamba, ndipo malaya ndinamuvula mwina kakhumi kufuna zidzolo. Panalibe kanthu. Patapita masiku atatu ndinamuthirira mu tiyi. Anasuzumira mukapu ya mkulu wake, anasuzumira mu yake, n'kumwa osapumira. Phala lothira mkaka womwewo anamaliza mpaka kunyambita supuni.

Mwezi wachiwiri kusikelo, alangizi anamukoleka pasikelo n'kulemba kadontho pamwamba pa ka mwezi watha. Mwezi wachitatu kadontho kanakweranso, ndipo mayi wa pakamwa uja anali kumbuyo kwanga, khosi atalitalikitsa.

“Kani mwayamba kumusiyirako wa ng'ombe?”

“Ng'ombe ndi ya bambo ake,” ndinatero, mokweza ngati mmene anachitira iye tsiku lija. “Uyu ndimamukamira ndekha, mumtondo.”

Khadi lija sindinalibise m'chikwama ngati kale. Ndinadutsa nalo pamsika wonse wa Chonde lili lotsegula m'manja, mwana kumbuyo akundilemera.