Manda a Chikhothi cha Atate

Mdzukulu wanga Rozita akufufuza mbiri ya mabanja a kuno ku Domwe. Dzulo anandifunsa, "Agogo, atate anu anagona pati?" Ndinamuperekeza kumanda. Kunkawaza kamvula kozizira, ndipo fungo la dothi lonyowa linandibwezera ku ubwana.

Mano anga oyamba anali asanaguluke pamene asipayi, apolisi a Apwitikizi, anawatenga atate kupita nawo ku chibalo, kuminda ya nzimbe kumunsi kwa Zambezi. Chikhothi chawo chakuda anachisiya, poti kumeneko n'kotentha. Patapita nthawi, mnzawo anabwerako yekha, nalankhula ndi amalume motsitsa mawu. M'mawa mwake anthu anakulunga chikhothicho mumphasa, napita nacho kumanda akulira.

Ine ndinapsa mtima. Ndinakoka nsalu ya amayi: "Amayi, nanga atate akabwera avala chiyani? Chisanu chonsechi!" Anangonditseka pakamwa. Nyengo yonseyo ndinkadikirira panjira, nditawasungira chiguduli choti adzafunde.

Rozita atagwada kuti ajambule mtumbirawo, ndinamuuza kuti, "Jambula, mwanangu, koma usalembe kuti ali umu. Umu muli chikhothi chokha. Mwiniwake mpaka lero sitidziwa ngati alipo anamukwirira."