Kamushafuti Yolusa ya Agogo a Zuze

Fungo la oyilo wakupsa likasakanikirana ndi utsi wa nzimbe zowotchedwa, mtima wanga umabwerera ku Katunga, pansi pa mtengo wa bwemba pomwe agogo a Zuze, bambo awo a amayi anga, ankakhala tsiku lonse atazunguliridwa ndi zitsulo, malaya atavula, thukuta likutsetsereka pamsana, phulusa lakuda lochokera kuminda ya esiteti likuwagwera m'mutu iwo osalisamala n'komwe. Anagwira ntchito kugalaja ya ku esitetiko mpaka kupuma, ndipo kumudzi anabwera ndi zinthu ziwiri: kapikapu kakale ndi pakamwa posatopa kudzitama. Ndinkawakonda kwambiri, koma agogo anali okonda phokoso. Ngakhale kuyetsemula, ankayetsemula kuti amve a kutsidya kwa Shire.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Mwana amene akanandiponda pamutu anabadwa osalira, ndiye anamwino anawauza kuti ulendo uno akachirire kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Bambo anga ankadula nzimbe, kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo. Galimoto m'mudzi monse inali ya agogo yokha, nayonso injini yake ili pachiguduli, yomasulidwa. Tsono pakati pa ife ndi Blantyre pali chikweza cha Thabwa, pomwe galimoto zofooka zimawira n'kugona m'mbali mwa msewu.

Agogo ankati kapikapuko kadzauluka. Anali atapeza tebo, kachipangizo kooneka ngati nkhono kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo chotsala chinali kusankha kamushafuti. Imeneyi ndi ndodo yachitsulo yokhala ndi malinunda, imene ikamazungulira imakankha timitengo tachitsulo totchedwa mapushirodi, ito n'kumatsegula ndi kutseka mavalavu kuti injini ipume. Zinalipo ziwiri. Ina anaigula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Limbe, ya malinunda apakatikati, yosachititsa kaso. Inayo anatumiza amalume a Fanuelo kuchokera ku Joni, ya galimoto za mpikisano, yonyezimira, malinunda akuluakulu, mapushirodi ake omwe ali pomwepo. Agogo ankaitcha yolusa. Ndi pakamwa pawo pomwe ananena kuti tebo imayenda bwino ndi yofatsayo, koma ponena zimenezo manja anali akusisita yolusa. Anamanga yolusa.

Tsiku loiliza, nkhuku zinathawira kudimba. Injini inabangula, galimoto yonse ikunjenjemera, anthu n'kukhamukira pakhomo pathu ngati pali ukwati. Agogo anaima manja ali m'chiuno, mano onse pamtetete. Amayi, amene anakhala pamkeka mapazi atatupa, anadikira phokoso lizime.

“Ababa, kulira yalira. Nanga kukwera?”

Agogo anaseka, koma funsolo linawalowa. M'mawa mwake anapakira matumba a mchenga kumbuyo n'kupita kukayesa ku Thabwa. Anabwerako dzuwa litapendeka, opanda hutala, opanda nthabwala. Pachigwa akuti kanathamanga mochititsa mantha, koma pachikweza anapeza lole ya shuga ikukwawa kutsogolo, ndipo panalibe poidutsira. Kamushafuti yolusa imafuna injini yothamanga. Ukayenda pang'onopang'ono, mavalavu olowetsa ndi otulutsa amakhala otseguka pamodzi nthawi yaitali, mpweya wa tebo n'kumangothawira ku ekizozi. Kapikapu kanatsokomola, kanazima pakona, n'kuyamba kubwerera chambuyo mpaka anthu odutsa anatsekereza mateyala ndi miyala kuti kaime.

Madzulo amenewo sanadye. Anakhala pafupi ndi mkeka wa amayi, maso pansi.

“Ndikanakupha, mwananga. Ndimafuna anthu andimve.”

Sindinawamvepo akulankhula motsitsa chotero, ndipo ndinachita mantha kuposa mmene ndinachitira ndi kubangula kwa injini kuja.

Anamasulanso zonse n'kuika yofatsa. Vuto linatsala pa mapushirodi, chifukwa a ku Joni aja anali aatali kwa kamushafuti imeneyi, ndipo agogo anati otalika amasiya valavu yosatsekeka bwino, aafupi amangogogoda. Anatulutsa chitini chodzaza ndi akale, n'kubwereka galasi lodziyang'anira la amayi. Analigoneka pamtondo wovundikira n'kumagubuduzapo kamtengo kamodzikamodzi, khutu ali nalo pafupi. Kowongoka kankayenda mwakachetechete. Kopindika kankati tiki tiki, ndipo kameneko ankakaponya kumbali. Akapeza kowongoka ankapaka mwaye wa nyali pamutu pa valavu, n'kuzunguza injini ndi dzanja kuti aone pamene mwaye wafufutika. Pakafufutika pambali, ankayambiranso. Ankafuna pakatikati penipeni.

Masiku ankapita, mimba ya amayi ikutsika, agogo akungogubuduza titsulo pagalasi. Ine zinandikwana, ndipo ndinawauza mwamwano kuti afulumire. Sanandikalipire. Anangoti anafulumirapo kale kamodzi.

Ataimaliza, injini inalira bwinobwino ngati makina osokera. Palibe anabwera kudzaonerera, ngakhale nkhuku sizinasunthe. Agogo anaima pambali ndi nkhope ya munthu amene wagulitsa ng'ombe yake yokondedwa.

Matenda anawayamba amayi m'mawa wina kusanafike pamene tinkayembekezera, nthawi yotentha ija imene ngakhale mthunzi umawotcha. Anakhala kutsogolo ndi agogo. Ine, amene ndinkakasiyidwa kwa azakhali ku Blantyre, ndinakhala kumbuyo ndi mayi wina woyandikana nafe, pakati pa mabeseni ndi zitenje. Tinawoloka Shire, tinayamba kukwera, ndipo pakona yomwe ija tinaipeza lole ya shuga, ikufuka utsi, ikuyenda ngati ikuganiza kaye. Agogo anatsitsa giya. Kudzera pagalasi lakumbuyo ndinkaona dzanja la amayi litagwiritsa mpando, ndipo maso anga anayamba kusankha m'mbali mwa msewu mwala umene ndingathamangire tikazima.

Sitinazime. Kapikapu kanatsatira loleyo pang'onopang'ono, kona ndi kona, osatsokomola, tebo ikuimba kamluzu kakang'ono pansi pa boneti. Msewu utawongoka agogo anaponda, ndipo tinaidutsa ngati yaima. Mphepo yozizira ya kumtunda itandiwomba kumaso, ndinalira osadziwa kuti ndikulira, mayi uja akundisisita kumsana n'kumangoti takwera, takwera.

Amayi anawachita opaleshoni masana omwewo. Tinadikira panja, agogo atakhala pansi penipeni atatsamira teyala. Mayi uja atatuluka anati ndi mwamuna, onse ali bwino, ndipo mwanayo walira moti wodi yonse yatseka makutu.

“Takhuta, Mulungu,” anathokoza motero agogo m'Chisena cha amayi awo. Anapukuta m'maso ndi nsanza ya oyilo, nkhope n'kudetsedwa. “Ameneyo musamutontholetse. Alire mmene angathere.”

Kamushafuti yolusa ija anaipachika pabwemba, n'kumaimenya ndi sipanala poitana ana kudzadya, choncho phokoso lake analipezabe. Agogo anatisiya kalekale, kapikapu kanagulitsidwa, koma galasi lija lili m'chipinda mwanga, timizere ta mapushirodi tikuonekabe ndikamadziyang'anira. Galimoto ikandidutsa mobangula mumsewu, ndimamva mawu a amayi akufunsa za kukwera. Mchimwene wanga wobadwa tsiku lija lero ndi bambo wa ana ake, ndipo akayamba kuseka amamveka nyumba zitatu. Mlamu wanga amadandaula, koma ine sindinamuuzepo kuti atsitse mawu.