Dzina la Atsibweni pa Tsamba Lomaliza

Nkhondo itatha ndinabwerera kuchokera ku Malawi ndi luso limodzi lokha, lotayipa pa makina, lomwe ndinaphunzira kumsasa wa othawa nkhondo. Kwathu ku Zóbuè kunalibe wofuna luso limeneli, choncho ndinatsikira ku Moatize n'kupeza kachipinda m'dera lotchedwa 25 de Setembro. Ndinkatayipa makalata ofunsira ntchito ndi madandaulo a anthu amene pobwerera anapeza minda yawo ikulimidwa ndi ena. Fumbi la malasha linkadzaza m'zilembo za makina, moti m'mawa uliwonse ndinkazitokosa ndi singano.

Tsiku lina kunabwera bambo ena a ku Maputo amene anthu ankangowatchula kuti adotolo. Sanali a chipatala, anali ofufuza za ulimi. Anali atalemba nkhani yaitali yonena za mbewu zimene anthu obwerera anabwera nazo, ndipo ankafuna kuti ituluke mu revista, magazini ya anthu ophunzira. Akonzi a revistayo anali atawabwezera mapepala aja atawalembalemba ndi inki yofiira, ati mndandanda wa mabuku wa kumapeto sunatsate malamulo awo.

"Ntchito yake ndi yochepa, mayi," anatero adotolo m'Chipwitikizi. "Dzina la bambo liyambe, kenako virigula, kachizindikiro kopumira kaja, kenako chilembo choyamba cha dzina la mwini wake. Chaka chikhale pakati pa timizere tiwiri tokhota. Mutu wa buku muudule mzere kunsi. Mayina atsatane monga mwa alifabeti, ndipo lililonse lotchulidwa m'kati mwa nkhani lipezeke kumapetoko."

Anandisiyira mapepala onse pamodzi ndi tsamba la malamulo a revista. Masiku awiri oyamba ntchitoyi ndinaikonda. Ndinkayenda ndi chala mzere ndi mzere, ndipo ndinapeza buku lina lili ndi chaka china m'kati, china kumapeto. Ndinaika kamtanda pambali kuti ndidzafunse.

Tsiku lachitatu ndinafika pa tsamba lomaliza. Limeneli silinali la mabuku koma la anthu amene adotolo anacheza nawo pakamwa. Inki yofiira inalamula kuti pakhale dzina lonse la munthu, mudzi wake ndi tsiku limene anacheza naye, ndipo adotolo anali atadzazamo kale ndi pensulo. Dzina lachinayi linali la atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi.

Ndinabwerera m'kati mwa nkhani kukafuna pamene anawatchula. Panalembedwa kuti iwo anakhala madzinja awiri kudera limene linali m'manja mwa ankhondo a kutchire asanathawe, ndiponso kuti pobwerera anadutsa ndi mbewu ya chimanga m'njira za m'mapiri, osadzera pachipata cha malire. Zonsezi zinali zoona. Koma nkhani ya mbewu inkafuniranji kudziwa kumene munthu anagona pa nthawi ya nkhondo? Ife tinkadziwa ntchito ya mayina olembedwa papepala. Munthu ankayamba walembedwa, pambuyo pake n'kudzatengedwa.

Adotolo atabwera ndinawaonetsa kaye chaka cholakwika chija. Anathokoza kwambiri. Kenako ndinaloza tsamba lomaliza.

"Mayinawa akufunikiradi?"

"Ndi lamulo la revista. Mawu aliwonse akhale ndi mwini wake, kuti wowerenga athe kutsimikiza."

"Kutsimikiza kwake n'kotani? Apite akawafunse?"

"Ngati akufuna," anatero akuseka.

"Amene amawerenga revistayi ndani?"

"Ofufuza anzanga. Mwinanso ena a m'maofesi a boma."

Sindinawauze kuti pali mbale wanga. Ndinangoti riboni ya makina yatha, ntchito idikire mpaka Lolemba.

Loweruka ndinakwera shapa, kaminibasi kopita ku Zóbuè. Atsibweni ndinawapeza kudimba akupalira kachewere. Nditawafotokozera anaimika khasu n'kukhala pa mzere.

"Munthuyo ndikumukumbuka," anatero. "Anabwera ndi akatekisita, tinamwa naye thobwa pakhonde. Anafunsa za chimanga cha makolo, ine n'kumuonetsa nkhokwe. Zinazo ndinkayesa tikungocheza."

"Sankalemba?"

"Kabuku anali nako, koma ndinkaona ngati akujambula zitsononkho. Iwe mwanawe, waliona ndi maso ako dzina langa?"

"Lonse, ndi mudzi womwe."

Anayang'ana phiri la kumalire. Kenako anati, "Akuti tinakhululukirana, koma amene anataya ana awo sanasamuke, tikutunga nawo chitsime chimodzi. Dzina langa lichokepo. Ngati akufuna dzina, alembe la chimangacho."

Nditabwerera ku Moatize ndinatenga tsamba la malamulo lija n'kuliwerenga lonse, mpaka tizilembo ting'onoting'ono ta m'munsi. Adotolo anali atadula mizere kunsi kwa malamulo amene ankafuna kuti nditsate. Koma panali lamulo lina limene sanalikhudze. Linkati munthu wofunsidwa pakamwa, ngati sanavomere kutchulidwa, atha kulembedwa ndi nambala ndi dera lake basi.

Lolemba ndinawaikira chala pamenepo. Anawerenga kawiri.

"Sindinalione limeneli," anatero.

Mwina ankanena zoona. Ndinawayang'ana kumaso, koma sindinapezepo yankho. Apa ndi pamene ndinaulula kuti wachinayiyo ndi atsibweni anga, ndipo akana kuti dzina lawo lilembedwe.

"Enawo sanadandaule," anatero adotolo.

"Munawafunsa?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Anati akonzi adzaona ngati umboni wake ndi wofooka, ndipo mayina enieni amapatsa nkhani ulemu. Ine ndinati makina ndi anga, tsambalo ndi mayina sinditayipa, ngati akufuna apite nalo kwa otayipa ena ku Tete. Pamapeto pake anavomera. Ndinatayipa "Mlimi 1, Zóbuè", "Mlimi 2, Zóbuè", mpaka onse anatha, n'kukonzanso malo onse a m'kati mwa nkhani kuti agwirizane ndi manambalawo. Masamba asanu ndinachita kuwabwereza.

Potenga ntchito yawo anapemphanso tsamba la pensulo lija. Ndinali nditalibisa pansi pa makina, koma analikumbukira. Linali lawo, ndinalibe chokanira. Analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya, osati m'chikwama mmene munali mapepala ena.

Revistayo sindinaionepo, ndipo sindidziwa kuti ndi tsamba liti limene linatumizidwa kwa akonzi. Mvula itayamba, galimoto yoyera inaima pamudzi pa atsibweni, anthu awiri n'kufunsa za iwo powatchula dzina lawo lonse. Atsibweniwo anatulukira kuseri kwa nkhokwe, n'kuwoloka malire, n'kukakhala kwa apongozi awo masiku atatu. Akazi awo anandiuza kuti alendowo ankafuna mbewu ya chimanga cha makolo kuti akaichulukitse, ndipo anali aulemu. Atawafunsa kumene anatenga dzinalo, anangoti anapatsidwa ku ofesi. Anabweranso kawiri chaka chimenecho, ndipo maulendo onse awiri anauzidwa kuti mwini nyumba wapita kumaliro.