Malemba Ofiira pa Khadi la Mlongo Wanga

Ayi, si la tchalitchi limenelo, ndi khadi la kuchipatala. Ulibwezere m'kachitini momwemo, lingang'ambike. Ndi la mlongo wanga, wonditsatira. Tenga foni ulembe, mkulu wako akudikira yankho. Dzulo analira pafoni, dokotala wathunthu, akuti anapatsa mwana wa eni mankhwala olakwika, mwanayo ali gone, ndipo anzake akumuuza kuti akhale chete. Akufunsa ine, wosadziwa ndi "a" yemwe, ngati akauze make mwanayo. Lemba mmene ndikunenera, usakonze.

Inali nyengo yokumba nshawa, mtedza uja, kwathu ku Kasenengwa. Ine mano akutsogolo anali atangoguluka. Manja athu ankanunkha dothi, pakhomo ponse nshawa zili mbwee pa mphasa, ife ntchito kuingitsa nkhuku. Mlongo wangayo anali atangoyamba kuthamanga. Ankaba nshawa zaziwisi n'kubisa m'masaya, ukamufunsa angopukusa mutu, mkaka wa nshawa ukutsika pachibwano.

Ndiye anayamba chifuwa, linali Lolemba. Sichinali chachikulu ayi, ankadya, ankasewera. Patapita masiku angapo amayi anamubereka, ine ndinanyamula khadi ili pamutu, tinalawira mame asanaume. Chaka cham'mbuyo anamubayapo jakisoni, thupi lonse linatupa ngati walumidwa ndi njuchi, ndiye sisitere wina analemba malemba ofiira apa, n'kuwauza amayi kuti muzionetsa nthawi zonse.

Mzere unali wautali, mpaka pansi pa mtengo wa mango. Adokotala anali m'modzi yekha, thukuta lili kamukamu, maso ofiira. Lero ndimati mwina anali asanadye munthu uja. Amayi anagwada, n'kupereka khadi ndi manja awiri. Iwo analiika pathebulo chafufumimba, osalitembenuza. Amayi anati, "Pepani bambo, jakisoni uja mwanayu..." Iwo anati, "Mayi, dokotala ndi ndani pano, inu kapena ine?" Anthu pamzere anaseka. Amayi anaweramitsa mutu. Masiku amenewo munthu wa kumudzi sankayankha munthu wovala zoyera.

Anamubaya jakisoni yemwe uja, tinatuluka. Sitinafike ndi pachipata pomwe. Ndinamva kupuma kwake kukulira ngati kamluzu. Milomo inatupa. Amayi anathamanga kubwerera, chitenje chikugwa, ine m'mbuyo ndi khadi lija pamutu, poti anatibwezera. Anamulowetsa, anatseka chitseko. Atatuluka adokotala aja sanayang'ane amayi kumaso. Anangoti, "Munachedwa naye."

Mawu awiri amenewo, mwana wanga, ulembe bwino. Anafika kumudzi ife tisanafike. Azakhali a kuchimuna pamaliro ankanena mokweza kuti mkazi uyu anakonda nshawa kuposa mwana. Nshawa zathu chaka chimenecho zinawolera pa mphasa, palibe anazilowetsa mvula yosayembekezeka itabwera. Kuyambira pamenepo amayi sanadyenso nshawa, ngakhale ndiwo zotendera, mpaka ukalamba.

Patapita sabata, amalume anatenga khadi kupita nalo kwa aphunzitsi, ine ndikuwatsatira. Aphunzitsi anawerenga, anavula magalasi, anawerenganso. Anati, "Apa palembedwa kuti jakisoni ameneyu asamubaye." Amalume analandira khadi lija. Kenaka anati, "Zithere pompano. Chipatala n'chimodzi, tikayambana nawo mawa tidzapita kuti?" Anandipatsa khadi, anati kabise.

Ndinabisadi. Ine ndinkaona ngati mlandu ndi wa malemba ofiirawo, kuti ndi amene anadwalitsa mwana, ndiye ndikawabisa amayi asiya kulira. Sindinadziwe kuti ndabisa chinthu chokhacho chimene chikanawachotsera katundu pamutu. Ndinadzazindikira ndili ndi ana anga, koma ndinaopa kutokosa chilonda. Ndinkati mawa, mawa. Amayi anamwalira akunenabe kuti, "Ndikanapita naye Lolemba."

Adokotala aja sindiwada ayi. Dzanja limalakwa, ngakhale lophika limapsereza. Koma anatisiyira ife mlandu wawo kuti tiwasenzere, ndipo amayi anausenza zaka zonse.

Ndiye umuuze mkulu wako kuti za mabwana ake ndi mapepala awo ine sindizidziwa, mwina amudzudzula, mwina ntchito ivuta. Koma mayi uja ali pambali pa bedi panopa, akuwerenga masiku, akudzifunsa kuti analakwa pati. Apite akakhale naye pansi, osati choimirira, amuuze kuti, "Mayi, simunachedwe, ndalakwa ndine." Ndipo mawa mayi wina akadzayamba kuti "pepani adokotala," atseke pakamwa amve mpaka amalize.

Walemba zonse? Usandiwerengere, ndingalire. Tumiza tsopano lino, asanatuluke kuntchito.